Njinga Yogogoda ya Chance

Rute anafika akuthamanga, mpango uli m'manja, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Linali Lolemba. Eyiti koloko inali isanakwane, koma malata a pamsika wa Bangula anali atayamba kale kuthetheka ndi dzuwa.

"Bambo Maclean! Awatenga!"

Maclean anali atanjuta pansi pa mthethe pomwe ankakonzera njinga, akuviika chubu m'beseni. Imvi m'ndevu, girisi m'zikhadabo. Anagwirapo ntchito ku Limbe, ku Nchalo, mpaka ku Tete. Konseko ankatopako msanga. Pa Bangula pokha ndi pomwe anakhalitsa.

"Atenga ndani?"

"Abambo akunyumba. A Chance. Apolisi abwera m'mamawa. Akuti anaba pampu ya amayi akudimba dzulo masana."

"Anawaona ndani?"

"Nkhope palibe anaiona. Akuti anamva njinga."

Maclean anasiya chubu chija m'madzi.

Njinga ya Chance inali yodziwika Bangula yense. Chance anali wa kabaza, ndipo kwa miyezi itatu njinga yake inkagogoda pakati, paja pamazungulira mapedulo. Anthu ankamumva asanamuone. Anzake pasiteji anachita kumupatsa dzina loti Gogoda. Koma Loweruka Maclean anaigwira yekha njingayo. Anamasula pakati ponse. Mabelingi anatuluka ataphwanyika ngati mtedza wosinja. Anaika ena atsopano, ekiselo yatsopano, ndi mkono watsopano wa pedulo yakumanzere. Kotapini, kachitsulo komangirira mkonowo ku ekiselo, anakapala ndi tupa mpaka kanalowa bwinobwino. Akabaza angapo anali pabenchi akuonerera, akuseka kuti dzina la Gogoda lafera pomwepo.

"Njinga ija inachoka pano ili duu," anatero Maclean. "Nkhani yosavuta iyi. Tiyeni."

"Akuti galimoto yopita nawo kundende ku Nsanje ibwera thu koloko," anatero Rute. "Akakalowa kumeneko, ine ndidzawaonanso liti?"

Maclean anatenga hamala ndi sipanala, naponya m'thumba.

*

Sajeni Leah Semba anali mayi wamfupi, wosathamanga polankhula. Anamvetsera zonse akudzikupiza ndi katoni.

"Ndiye mukuti munaikonza."

"Ndi manja awa."

"Sikugogodanso."

"Ngakhale pang'ono."

Sajeni anadzuka. Anatulutsa njinga ya Chance m'kachipinda kosungira katundu. Anakwera, nazungulira bwalo kamodzi.

Kho. Kho. Kho.

Rute anagwira pakamwa. Sajeni anatsika, nayang'ana Maclean.

"Ntchito yanu ndi imeneyo, bambo?"

"Ndiloleni ndiione."

Ananjuta. Anazunguliza mapedulo ndi dzanja. Ekiselo inali yake yomwe ija, ikuyenda myaa. Mkono wakumanja unali nganganga. Anagwira wakumanzere. Unagwedera ngati dzino lofuna kuguluka.

Anaupukuta ndi chala. Unali wakale, wadzimbiri, wokandikakandika.

"Mkono uwu si wanga."

"Wamera wokha?"

Maclean anamasula nati, namenya kotapini kawiri. Inatuluka yopindika. Atasolola mkono uja, m'bowo mwake munagwa kachitsulo kotuwa, kopyapyala ngati tsamba. Anakatola. Anakakanda ndi chikhadabo. Kanalola.

"Mtovu," anatero. "Mmisiri sangaike mtovu apa. Ndi wofewa. Umagwira lero, mawa waphwatalala."

Sajeni anayang'ana kachitsuloko.

"Bambo, ine ndili ndi mboni yomwe inamva njinga ikugogoda. Ndili ndi njinga yogogoda. Mwini wake alibe womuikira umboni. Mukuti wina anasintha mkono? Mwina anasintha yekha, watsopanowo n'kugulitsa. Ndibweretsereni munthu, kapena pampu. Galimoto ikafika, ine sindiibweza."

Chance anali pazenera la selo, zala zili pazitsulo, maso ali psuu.

"Madala, ine chichokereni kwanu Loweruka sindinapalasenso. Malungo. Dzulo ndagona tsiku lonse. Mayi akunyumba anali kutchalitchi mpaka madzulo."

"Njinga inali kuti?"

"Kuseri kwa nyumba, pa mtengo wa msawu."

"Yokhoma?"

Chance anagwetsa nkhope.

"Sajeni, mkonowu mundibwereke," anatero Maclean.

"Thu koloko," anayankha Sajeni, nabwerera ku katoni yake.

*

Dimba linali kufupi ndi Shire, mphindi makumi awiri panjinga. Njira yake mchenga wokhawokha. Maclean anafika malaya atamata pamsana.

Mayi Esinala, wapampando wa gulu la amayi olima pamenepo, anali kuthirira tomato ndi ndowa. Masamba anali atayamba kale kugwa mphwayi. Pampu yobedwayo inali ya sola, ya gulu lonse.

"Ngati mwabwera kudzapepesera mbava ija, nkhabe, ayi ndithu! Bwererani. Onani tomato wanga. Onani! Amayi makumi atatu tikutunga ndi ndowa ngati nthawi ya makolo, pomwe ng'ona zili m'madzimo. Mwana amene uja ndinkakwera njinga yake ine, Lachiwiri lililonse. Ndinkamupatsa mpaka mpiru waulere."

"Munamuona, mayi?"

"Ndinamumva! Ndinali nditagona mumthunzi wa mango uko, dzuwa lili paliwombo. Ndingomva kho, kho. Ndidzuke, ndione msana wa munthu ukulowa m'bango, chisoti chili pamutu, thumba lalikulu pakaliyala. Ndinakuwa ine. Chance! Iwe Chance! Mpaka mawu anandithera."

"Anacheuka?"

"Acheuke? Anangoimirira pamapedulo."

Maclean anakhala pamzere.

"Tandiomberani m'manja momwe inkalirira."

"Mwati chiyani? Kwafika kwaya?"

"Ombani basi, mayi."

Mayi Esinala anaika ndowa pansi. Anaomba kamodzi. Anadikira. Anaombanso. Anadikira.

"Osati kawirikawiri? Kho-kho, kho-kho?"

"Ayi. Kamodzi. Kenako kamodzi."

"Nanga Lachiwiri lija mukakwera ya Chance, inkalira bwanji?"

Mayiwo anayang'ana m'manja mwawo. Manjawo anaomba okha, pang'onopang'ono. Kho-kho. Kho-kho.

"Mabelingi akatha, njinga imalira mwendo uliwonse ukaponda," anatero Maclean. "Ukakhwefuka mkono umodzi, imalira kamodzi. Inu munamva njinga ina."

"Nkhabe," anatero Mayi Esinala, koma mawu anali atachepa. "Pa Bangula yogogoda ndi imodzi. Ine masana ano ndipita kupolisi ndikamuone akukwera galimoto."

"Mupite ndithu. Musachedwe."

Pobwerera, Maclean ankapalasa mutu ukuzungulira kuposa matayala. Mbavayo inamva dzina la Chance likukuwidwa kumbuyo kwake. Inadziwa kuti njinga yake yayamba kulira. Inadziwanso kuti ya Chance inasiya, ndi pomwe imagona. Munthu wotere sanali wakutali.

*

Chance ndi Rute ankakhala pamdadada wa nyumba za lendi kuseri kwa msika. Khomo loyandikana nalo linali la Jesinta, wogulitsa nsomba zowamba. Maclean anamupeza akutembenuza milamba pawaya, utsi uli tolo. Leveni koloko inali itapitirira.

"Ine za anthu sindilankhula, ankolo," anatero Jesinta asanafunsidwe n'komwe. "Ine ndi nsomba zanga basi. Koma dzulo kunali kukhoma kuseriko. Ndimati ndisanene."

"Nthawi yanji?"

"Anthu asanaweruke kutchalitchi. Mwina thu, mwina fili. Go! Go! Go! Ndinati a Chance awa, Lamulungu lomwe lino, akudwala akudwala koma hamala ili m'manja. Sindinasuzumire. Ine zosuzumira ayi."

"Chance sanamve?"

"Amene uja dzulo? Mukanamuba ndi mphasa yomwe."

Maclean anatulutsa kachitsulo kaja kuti akayang'anenso padzuwa. Jesinta anatambasula khosi.

"Mtovu wa pachavi uwo. Mwautenga kuti?"

"Wa pachiyani?"

"Pachavi. Ukonde woponya uja. M'mphepete mwake timamangirira timitovu kuti uzimira. Onani mzere uwu, ndi pomwe panadutsa chingwe." Anaseka. "Kwathu kudambo mtovu ndi mankhwala a chilichonse. Mpeni ukagwedera pachigwiriro, mtovu. Poto akabooka, mtovu. Bambo anga mpaka anafuna kumata nawo wailesi."

"Akabaza ochokera kudambo alipo angati pasiteji?"

"Asanu, kaya asanu ndi mmodzi. Pamdadada uno pokha alipo awiri. Koma ine sindinanene kanthu, ankolo."

"Simunanene."

Asanu ndi mmodzi. Maola awiri ndi theka. Kuwafunsa mmodzimmodzi kunali kungouza mbava kuti ithawe.

Maclean anayang'ana mkono wadzimbiri uja m'thumba. Munthu amene amaika mtovu pakotapini sadziwa kotapini. Ndipo munthu wosadziwa kotapini amalakwitsa chinthu chimodzi, nthawi zonse.

Anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

*

Pasiteji ya kabaza panali njinga khumi ndi zingapo, zitandandalikidwa mumthunzi wa sitolo. Minibasi zinkaitanira anthu a ku Nchalo. Maclean anagula botolo la thobwa, nakhala pathumba la chimanga la munthu wina.

"Madala, lero shedi mwatseka?" anafunsa Jabulani, wapampando wa siteji, munthu wamkulu thupi amene kale ankadula nzimbe. "Kapena mwabwera kudzabisala? Tamva kuti ya Gogoda yayambiranso. Ntchito ya tsiku limodzi!"

Anzake anaseka. Maclean anamwa thobwa.

Sankayang'ana nkhope. Ankayang'ana miyendo.

Kotapini zimakhala ziwiri, ina kumanja, ina kumanzere. Zimalowa motsutsana. Nati ya iyi ikayang'ana kumwamba, ya inayo iyang'ane pansi. Ukazilowetsa mofanana, mapedulo sakhalanso pamzere umodzi. Ina imatsogola pang'ono. Wopalasa amaoneka ngati akutsimphina.

Thwelofu inadutsa. Akabaza ankapita, ankabwera. Miyendo yonse inali bwino.

Hafu pasiti thwelofu. Thobwa linatha. Rute anaimba foni kawiri. Maclean sanayankhe.

Wani koloko itangopitirira, kuchokera njira yakudoko kunatulukira njinga yobiriwira, yopanda wokwera kumbuyo. Inkabwera mwakachetechete. Koma bondo lakumanzere la wopalasayo linkadumpha pang'ono likafika pamwamba. Kudumpha. Kudumpha.

Anali Pius. Wa pamdadada womwe uja, khomo lachitatu kuchokera kwa Chance. Loweruka anali pabenchi, ndipo ndi amene anaseka kwambiri.

Maclean anapita kuseri kwa sitolo, naimba foni.

"Sajeni, bwerani pasiteji. Mayi Esinala ngati afika, mubwere nawo."

Atabwerera, anayenda pang'onopang'ono ngati munthu wosowa chochita.

"Pius, mwana wa kwathu. Bondo silikupweteka?"

"Bondo? Ayi, madala. Ndili bhobho."

"Njinga yako ikutsimphina. Taiimika uone."

Jabulani anaigwira pachishalo, nayang'ana mapedulo. Anaphulika kuseka.

"Eee! Zoona! Aise, mwendo wina uli ku Nsanje, wina ku Chikwawa! Anakumangira ndani zimenezi, wosoka nsapato?"

"Bwera nayo ndikuwongolere," anatero Maclean. "Mphindi ziwiri. Ulere."

"Ndili ndi kasitomala akundidikira."

"Ulere ukuukana?" anakuwa wina. "Madala awa chibadwire sanaperekepo ulere ngakhale mpweya wa pampu! Apatse!"

Njinga inachoka m'manja mwa Pius iye asanavomere. Maclean ananjuta. Mkono wakumanzere unali wopakidwa matope, koma matope a dala, opaka ndi dzanja. Anamasula nati. Anamenya kotapini kamodzi. Inagwera m'dzanja lake, yosalala, yopalidwa ndi tupa. Anaidziwa ngati mwana wake.

Mkonowo anausiya pomwepo paekiselo, wopanda chougwira. Analavulira pachala, napukuta mbali yake yamkati.

"Jabulani, maso ako ndi abwino. Ukuona chiyani apa?"

"Timadontho titatu. Tokhoma ndi msomali."

"Tayang'ana pa yako, ija ndinakuikira chaka chatha."

Jabulani anawerama panjinga yake. Anadzuka kuseka kutatha.

"Titatu."

"Chitsulo chilichonse chochoka m'manja mwanga chimakhala nato. Mwezi uno mkono wakumanzere ndaika umodzi wokha. Nonse munalipo."

Ngakhale woitanira minibasi anasiya kukuwa.

"Ndinagula ku Nchalo," anatero Pius. "Madontho ndi madontho."

Apo n'kuti Sajeni Semba akutulukira pakona ya sitolo, wapolisi mnzake pambali, Mayi Esinala ndi Rute kumbuyo. Pius anawaona. Anakankha Jabulani, analanda njinga, anailumphira, naponda pedulo yakumanzere ndi mphamvu zake zonse.

Mkono unavuka. Unauluka, nukagwera m'dengu la tomato. Pius anatsikira pafelemu ndi malo osatchulika, njinga inapinda, onse awiri anagwa khu! m'fumbi.

Maclean sanasunthe n'komwe. Anangokweza kotapini m'mwamba, kuti aliyense aione.

Siteji yonse inagwa ndi phwete.

*

Sajeni sanaseke. Anadikira Pius akhale tsonga, kenako anatembenukira kwa Maclean.

"Madontho ndawamva. Akundiuza kuti waba mkono wa njinga. Za pampu sakundiuza."

Maclean anagoneka njinga yobiriwira ija. Analoza ekiselo, pamphako pomwe pamakhala kotapini. Panali potuwa, pomatirira, ngati pothira phala louma.

"Mtovu. Wakale, wa miyezi. Mkono wadzimbiri uja kwawo ndi kuno." Anautulutsa m'thumba, naulowetsa. Unakhala ngati sunachokepo. "Unakhwefuka kalekale. Iye n'kutsekera mtovu, ukaphwatalala n'kuikanso wina. N'chifukwa chake palibe anaimvapo ikulira. Dzulo ananyamula pampu yolemera, mumchenga, ataimirira pamapedulo. Mtovu unagonja panjira."

Anakhomerera kotapini yopindika ija.

"Mayi Esinala, tembenukani. Musayang'ane. Jabulani, tapalasa."

Jabulani anakwera, nadutsa kumbuyo kwa mayiwo.

Kho. Kho. Kho.

Mayi Esinala anaika manja pamutu.

"Ande! Eya, ndi imeneyo! Mayi wanga ine, ndi imeneyo!" Anatembenuka, naona chisoti chomwe chinagwa m'fumbi pambali pa Pius. Anachitola ndi zala ziwiri. "Ndi chisoti chomwe. Iwe! Ndinkakuwa dzina la mnzako, iwe n'kumasangalala?"

"Wachokera njira yakudoko wopanda kasitomala," anatero Maclean. "Wa kabaza sabwera chabe kuchokera kudoko masana, nsomba zili mbwee."

Sajeni ananjuta pamaso pa Pius. Analankhula motsitsa, ngati akufunsa njira.

"Pampu ili m'bango, kapena yawoloka kale Shire?"

Pius anayang'ana anzake. Palibe anamuyang'ana mwachisoni. Anayang'ana Rute, nagwetsa maso msanga.

"Ili m'bango," anatero. "Bwato libwera folo koloko."

Akabaza asanu ndi atatu ananyamuka nthawi imodzi, wapolisi uja atakwezedwa pa ya Jabulani. Fumbi lawo linatseka msewu.

*

Galimoto ya ku Nsanje inafika thu koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Inapeza bwalo la polisi litadzaza. Pampu inali pakhonde, matope ali m'mbali, amayi akudimba atayizungulira ngati mwana wobadwa kumene. Maclean anali pansi pa mtengo, akumangirira mkono watsopano uja pamalo pake. Nati ina kumwamba, ina pansi.

Chitseko cha selo chinalira. Chance anatuluka atagwira lamba ndi nsapato m'manja, akuphethira ndi kuwala. Pakhomo anadutsana ndi Pius.

Rute sanathamange. Anaima pomwe anali, nakweza mutu, naimba nthungululu yomwe inamveka mpaka kumsika. Amayi akudimba anailandira. Akabaza anayamba kuliza mabelu, onse pamodzi, mpaka dalaivala wa galimoto anatseka makutu.

Mayi Esinala anapyola pakati pa anthu. Anagwada m'fumbi, mayi wamkulu ngati ameneyo.

"Mwananga, pakamwa panga pakanakupititsa kundende. Ndilibe mawu."

"Dzukani, mayi, dzukani," anatero Chance, akuwagwira mkono. "Anthu akuona. Lachiwiri ndidzakutengani ngati kale."

Sajeni Semba anabwera kwa Maclean, katoni yake ili m'manja.

"Bambo, m'mawa ndinanyoza ntchito yanu."

"Munafunsa chabe, Sajeni."

"Ndinanyoza. Yanga ili kunyumba, mabuleki anatha. Ndibwera nayo."

Chance anagwira handulo ya njinga yake, nakweza mwendo kuti akwere. Mwendo unakana. Malungo anali asanamusiye, ndipo chidyereni dzulo anali asanalawe kanthu. Anadzandira. Maclean anamugwira paphewa, namulanda handulo.

"Khala kumbuyo."

"Ine? Madala, zaka zisanu ndi ziwiri ndikunyamula anthu. Pakhushoni imeneyi sindinakhalepo."

"Lero ukhalapo."

Chance anakhala, mwamanyazi, miyendo ili lende. Rute anakwezedwa pa ya Jabulani. Njinga zina zonse zinafola kumbuyo, ziwiriziwiri, mabelu akulira. Galimoto ya polisi inachita kudikira kuti adutse.

Maclean anaponda pedulo, nacheuka pang'ono.

"Tikupita kuti, bwana?"

Chance anaseka mpaka misozi.

"Kunyumba, madala. Koma mudzere pamsika. Pang'onopang'ono. Aliyense andione."